Botolo limodzi, malikisi awiri: tichonge bwanji?

Mphunzitsi wa ku Senga Bay: Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ophunzira a bayoloje a chaka chachinayi anabwera kudzaphunzirira kuno kunyanja, ndipo pa mayeso a pulakitiko tinawaikira nsomba za m'mabotolo kuti atchule mtundu wake. Mapepala tinagawana awiri pochonga. Atsikana awiri analemba Oreochromis karongae, mtundu wina wa chambo, pa botolo lomwelo. Wa kwa ine ndinampatsa malikisi onse, wa kwa mnzanga anapatsidwa ziro, akuti nsombayo ndi chambo cha mtundu wa squamipinnis. Mwanayo wabwera misozi ili mbwembwembwe, poti ziro ameneyu amukankhira ku mayeso obwereza. Ndaitulutsanso nsombayo lero, ndipo nanenso sindingalumbire.

Mayi wa mu labu, Salima: Aphunzitsi, nsombayo ndi yaikulu bwanji? Yaimuna kapena yaikazi? Yakhala nthawi yaitali bwanji mu formalin, mankhwala osungira nsomba kuti isaole?

Mphunzitsi wa ku Senga Bay: Ndi kasawala, chambo chaching'ono, mayi, sikwana chikhatho. M'botolomo yagonamo zaka.

Mayi wa mu labu, Salima: Ndiye vuto si anawo, vuto ndi funsolo. Chambo chilipo cha mitundu itatu: karongae, squamipinnis ndi lidole. Chimasiyana bwino chikakhala chachimuna pa nyengo yoswana: karongae ndi lidole zimada bii, pomwe squamipinnis mutu wake umayera mobiriwira. Zazikazi ndi tiana timafanana kwambiri moti akatswiri amachita kutulutsa fupa la kukhosi lokhala ndi mano n'kuliyeza. Tsono formalin amafafaniza mtundu wonse wa pathupi, kuda ndi kuyera kuja. Mwana angadziwe bwanji akungoyang'ana kunja kwa galasi kwa mphindi ziwiri? Zimandiwawa, chifukwa ana otere amayamba kuganiza kuti ndi mbuli pamene anayankha mwanzeru.

Bambo wa za usodzi, Nkhotakota: Ndikuvomereza. Ife tikamalemba nsomba padoko ku Chia, kasawala timangomulemba kuti chambo, basi. Koma achimwene, musangowapatsa onse malikisi aulere. Amene analemba kuti ndi makumba, Oreochromis shiranus, walakwa ndithu, pakuti ameneyo kawirikawiri amakhala ndi minga 4 pa chipsepse chapansi chakumchira, pamene chambo chili ndi 3. Kuwerenga minga wophunzira wa chaka chachinayi sangakanike.

Mphunzitsi wa sekondale, Chipoka: Ine ndinadutsamo momwemo ndili ku yunivesite. Chomwe chinkatipweteka si kulephera ayi, koma kulandira pepala lili ndi mzere wofiira popanda mawu. Sudziwa pomwe walakwa, ndipo kukafunsa umaopa kuti akuona ngati wamwano. Muwalembereko ngakhale chiganizo chimodzi.

Mayi wa mu labu, Salima: Ndikanakhala ine ndikanagawa malikisiwo motere: ena akhale a dzina la gulu, Oreochromis, ochuluka akhale a zifukwa, monga minga, mamba ndi maonekedwe a mutu, ochepa okha a dzina lomaliza. Wolemba kuti "ndi chambo, koma pa msinkhu uwu mtundu wake sungatsimikizike popanda kuona fupa la kukhosi" ameneyo ndiye wamva phunziro, apeze onse. Ndipo musamagawane mapepala, muzigawana mafunso. Funso limodzi lichongedwe ndi dzanja limodzi kuyambira pepala loyamba mpaka lomaliza.

Bambo wa za usodzi, Nkhotakota: Chaka chamawa jambulani nsomba zikangovuuka, mtundu wa pathupi usanathawe, chithunzicho chikhale pambali pa botolo. Lidole musavutike kumusaka. Mu 2018 a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anaika mitundu itatu yonseyi pa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutha, ndipo lidole ndiye wasowa zedi.

Mphunzitsi wa ku Senga Bay: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mnzangayo ndipo wavomera msanga, nayenso mtima sunali m'malo. Tapempha chilolezo kwa mkulu wa dipatimenti kuti funsolo tichongenso kwa kalasi yonse, osati kwa wodandaula yekha. Mawa m'mawa tikhala pansi ndi mapepala onse, manambala okha osaona maina. Mayi, munganditumizireko kagawidwe ka malikisi kaja usiku uno?