Mawaya akutentha koma kumunsi kwa ramp kukuundanabe

Wamagetsi, Edinburgh: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ramp ya mamita 20 yotsikira koimika galimoto pansi pa nyumba. Mawaya otenthetsa ali m'konkire, mizere iwiri moponda matayala, uliwonse masentimita 60 m'lifupi. Pa 300 W pa sikweya mita zikukwana 7.2 kW, ndipo clamp meter, chida choyezera magetsi odutsa m'waya, ikundipatsa ma amp 31 ndendende. Megger, yoyezera ngati chikutiro cha waya chikudontha magetsi, ikuonetsa kuti zili bwino, ndipo RCD, switchi yozimitsa yokha magetsi akamadontha, siikugwa. Koma m'mawa uliwonse kumunsi kwenikweni kumakhala ayezi wonyezimira ngati galasi. Dzulo galimoto ya mayi wina inaterera mpaka kukagunda chitseko, mwana ali kumbuyo. Usiku sindinagone.

Wamagetsi, Leeds: Pepani achimwene. Sensa ija yomva chinyezi ndi kuzizira, yoyatsa ndi kuzimitsa mawaya, ili pati? Ikakhala kumtunda kumene kumawomba dzuwa, imauma msanga n'kuzimitsa zonse pamene kumunsi kudakali konyowa.

Wamagetsi, Edinburgh: Ili kumtunda ndithu, pafupi ndi msewu. Ndinaipeza pomwepo.

Pulambala, Oslo: Achimwene, musanaphwanye konkire kufuna kusuntha sensa, pitani m'mawa kusanache mukavundukule chitsulo cha ngalande ya kumunsi ija, mupisemo dzanja. Ndikukhulupirira mukapeza ayezi wadzaza mpaka pakamwa. Mawaya anu akugwira ntchito yake, akusungunula chipale chofewa. Nanga madziwo akupita kuti? Akutsika, akupeza ngalande yozizira yopanda waya, akuundana momwemo, otsatira akusefukira panjira. Ife kuno timagwiritsa ntchito kwambiri mapaipi a madzi otentha osakaniza ndi glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana, koma vuto lake ndi lomweli: ngalande ukaiiwala wangosamutsa ayezi kumuchotsa kumtunda kumuika pomwe munthu amaponda buleki. Ikani waya wa self-regulating, wotenthetsa wodzichepetsera kapena kudziwonjezera kutentha wokha, m'ngalandemo, muulowetsenso m'paipi yotulutsa madzi mpaka pomwe chisanu sichifika.

Wamagetsi, Leeds: Apo bambo alasa. Muwonjezerenso nthawi yoti mawaya azitenthabe sensa itauma. Akakhala kuti anaichepetsa pofuna kupulumutsa bilu, ikwezeni mpaka konkire izichita kuuma, osangosungunuka.

Injiniya, Glasgow: Komanso muwaletse osamalira nyumbawo kuthira mchere pamenepo, umadya konkire ndi zitsulo zake. Paja mu Edinburgh mwanumo anayamba kalekale zotenthetsa msewu, msewu wa The Mound anauyalira mawaya otenthetsa mu 1959, ngakhale pano sagwiranso ntchito.

Wamagetsi, Edinburgh: Ndabwerako. Bambo a ku Oslo, munali ngati mwaona. Ngalande inali gwa, mkati muli masamba owola ataundana pamodzi ndi ayezi, ndachita kugema ndi chizulo. Nthawi ija anaiika pa mphindi 30 zokha, ndaikweza kufika maola 3. Waya wa m'ngalande ndaitanitsa, ufika Lachinayi, ndiupatsa RCBO yakeyake ya 30 mA, switchi yozimitsa magetsi akamadontha kapena akachuluka. Pakadali pano ndawauza atseke ramp usiku wonse. Sensa ndiisunthira kumthunzi nyengo ikafunda. Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula.