Ndalama za msonkhamsonkha: pistachio kapena mbibu?

Wapampando: Moni nonse akwathu. Achimwene athu a ku Joni abwera ndi ganizo loti ndalama za msonkhamsonkha wa chaka chino tiphunzitsire alimi a kwa Khombedza ku Salima ulimi wa mtedza wa pistachio. Tisanakhudze thumba, tiyeni timvane.

Achimwene a ku Joni: Zikomo a tcheya. Kuno kapaketi kodzaza dzanja limodzi mtengo wake ndi woboola m'thumba, koma anthu akugulabe. Mitengo yake imapirira chilala ndi dothi la mchere, ndipo ukabzala adzadyerera ndi adzukulu. Thonje latiliza mokwanira abale.

Mlangizi wopuma: Achimwene, za chilalazo mwanena zoona. Vuto ndi kusowa kwa chisanu. Ku Iran, Turkey ndi California, komwe amaulima kwambiri, mtengowu umayoyola masamba n'kugona maola pafupifupi 800 kapena kuposerapo kunja kukuzizira osapitirira madigiri 7. Ukapanda kugona chonchi, maluwa amatuluka mwa apo ndi apo. Tsono mtengo waumuna ndi waukazi ndi yosiyana, mungu imanyamula ndi mphepo. Ikapanda kuchitira maluwa pamodzi, mumakolola makoko opanda kanthu m'kati. Ife kuno kunyanja, ngakhale mwera utavuta bwanji mu June, chisanu chotere tingachione kuti? Chinanso, umafuna kuti nyengo yotentha ikhale youma. Kwathu kutentha kumabwera ndi mvula ndi chinyezi, apo ndiye matenda a chuku amasangalala.

Mayi a ku Lifuwu: Bambo mlangizi, ndiye umayamba kubereka liti?

Mlangizi wopuma: Zaka 5 mpaka 7, mayi, kumene nyengo ikuulola.

Mayi a ku Lifuwu: Iii ayi. Munthu wa ekala imodzi atchingire mbuzi zaka zonsezo, kuthirira ndi ndowa mu October, pomaliza osatola kanthu? Adzatinena ife a m'tauni kuti tinamunamiza, ndipo sadzatimveranso.

Msungichuma: Ine mtima wa achimwenewa ndaumva, akufuna mbewu ya mitengo yobweretsa ndalama. Nanga mbibu? Ilipo kale m'midzi kuyambira kuno mpaka ku Nkhotakota, pa mchenga pomwe chimanga chimakana. Yomezanitsa imayamba kubereka pa zaka zitatu. Chikusowa ndi luso: kumezanitsa, kudulira, kuteteza maluwa ku nkhungu yoyera ija, ndi kuswa bwino. Amayi anga ankaotcha pa chiwaya chobooka, utsi uli tolotolo, zala zonse zitasupuka ndi mafuta a khoko. Maphunziro ayambire pamenepo.

Achimwene a ku Joni: Sindikukana. Koma msika wa mbibu uli kuti? Tisaphunzitse anthu kenako mavenda azidzawabera pakhomo. Pistachio ndiyesa ndekha mitengo ingapo kuseri kwa nyumba ya amayi, ndi ndalama zanga.

Mlangizi wopuma: Yesani achimwene, bola pakhale waumuna ndi waukazi. Funso la msikalo ndi lenileni.

Wapampando: Chabwino. Ndalama zikhale kaye. Bambo mlangizi, mutifunsire ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitala ndi ku ofesi ya zaulimi pa boma za mbande zomezanitsa. Asungichuma, fufuzani ogula ndi mitengo yawo. Tikumane Loweruka madzulo, amene sanasonkhe atumize lisanafike tsikulo.