Kodi zolankhula ndi manja ndi chiyankhulo chenicheni?

NaBanda_Area25:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mdzukulu wanga ali ndi zaka zitatu, ndipo kuchipatala atiuza kuti samva. Pakhomo timamvana naye mwathumwathu: akafuna madzi amaloza pakhosi, akafuna agogo ake aamuna amasisita chibwano chifukwa cha ndevu zija. Tsono azakhali ake akuti tileke, ati akazolowera manja adzachita ulesi kutsegula pakamwa, komanso ati zamanjazo ndi kungolozaloza basi. Zoona zimenezi?

Mwale_Dedza:
Mayi, azakhaliwo asakaniza zinthu ziwiri. Zomwe mukuchita pakhomozo ndi zizindikiro za banja lanu lokha. Ndi poyambira pabwino, koma simungakambe nazo za dzulo kapena za "zikanakhala kuti". Chiyankhulo cha manja chili ndi malamulo ake. Mu 1960 William Stokoe, yemwe ankaphunzitsa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet ku Washington, ku America, anaonetsa kuti chizindikiro chilichonse chimamangidwa ndi tizigawo: momwe dzanja lapindikira, pamalo pomwe lili, ndi momwe likuyendera. Mukasintha kamodzi kokha tanthauzo lasintha, monga momwe "pala" amasiyanirana ndi "phala". Nkhope nayo ili pantchito, kukweza nsidze kumatha kusandutsa chiganizo kukhala funso.

Za ulesizo ndikukana ndithu. Choopsa ndi chakuti mwana adutse zaka zoyambirirazi alibe chiyankhulo chilichonse, chifukwa ubongo umagwira chiyankhulo mosavuta munthu akadali wamng'ono. Akachedwa amavutika nacho moyo wonse.

Chikondi88:
Aphunzitsi athu ku Chanco ankakonda nkhani ya ku Nicaragua. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ana osamva anawasonkhanitsa pasukulu mumzinda wa Managua, n'kumawaphunzitsa kuwerenga milomo m'Chisipanishi. Sizinayende. Koma pabwalo ndi m'basi anawo anaphatikiza zizindikiro za kwawo, ndipo ang'onoang'ono obwera pambuyo ndi amene anaziika m'dongosolo mpaka chinabadwa chiyankhulo chatsopano. Palibe wamkulu anawalembera malamulo.

Phiri_wa_ku_Joni:
Kuno ku South Africa boma linavomereza chiyankhulo cha manja mu 2023 kukhala chiyankhulo cha nambala 12 cha dziko. Ndipo musaganize kuti n'chimodzi dziko lonse lapansi. Wosamva wa ku London ndi wa ku New York samvana manja, chonsecho anansi awo onse amalankhula Chingerezi.

NaBanda_Area25:
Zikomo nonse. Nanga ife agogo, zala zouma kalezi, tingaphunzire? Tiyambire pati?

Mwale_Dedza:
Mungathe mayi, kungoti mdzukuluyo adzakupitirirani msanga, musadzakhumudwe. Funsani a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi. Sukulu za ana osamva ziliko ku Mua, ku Maryview ku Chiradzulu ndi ku Embangweni. Chachikulu akumane ndi anzake komanso akuluakulu osamva. Azakhaliwo muwatenge popita.