Kuona ndi maso achikhulupiriro nkutani kwenikweni?

mwana_wachisomo
Moni abale mwa Ambuye. Ndili ndi funso lomwe likundisowetsa tulo. Timamva kawirikawiri kuti tiziyenda mwa chikhulupiriro osati mwa zooneka ndi maso, 2 Akorinto 5:7, koma ineyo ntchito inatha, ma CV ndaponya paliponse palibe wondiitana olo ku intavyu, eni nyumba akungoimba foni tsiku ndi tsiku. Nde anzanga omwe timapemphera limodzi amandiuza kuti usamanene kuti zavuta, uzingoti zili bwino basi, pakamwa pakopo ndi pomwe pakukutsekera. Koma ndikanena choncho mumtimamu ndimamva kuti ndikunama, ndiye kunamiza Mulungu yemwe akuona zonse? Kodi kukhulupirira nkutsinzina kapena changachi ndi chochepa? Ndithandizeni chonde, ndine mlongo wanu.

wapaulendo
Pepani mlongo, zowawa ndithu. Koma ayi, kukhulupirira sikutsinzina. Tawerengani 2 Mafumu 6. Mfumu ya Aramu inatumiza asilikali usiku, akavalo ndi magaleta, nkuzungulira mudzi wa Dotani kufuna kugwira Elisa. Mnyamata wake kudzuka mmamawa kungotuluka panja nkuona zimenezo, mantha, akuti kalanga ine mbuye wanga tichitenji. Taonani apa, Elisa sanamuuze kuti ukunama kulibe asilikali, analipodi ndipo mnyamatayo amaona zoona. Anangoti usaope, amene ali nafe ndi ambiri kuposa amene ali nawo, nkupemphera kuti Yehova amutsegule maso, nde anaona phiri lodzaza akavalo ndi magaleta amoto. Adani aja sanasowe ayi, kungoti tsopano amaona zonse ziwiri.

Inuyo mukuona lendi ndi foni yosalira ya intavyu, sizabodza zimenezo, muuzeni Mulungu mmene zilili. Davide mu Salimo 13 akufunsa kuti mundiiwala mpaka liti Yehova, ndipo salimo lomwelo likutha akunena kuti wakhulupirira chifundo chake. Ambuye Yesu mwini ku Getsemane anauza ophunzira kuti mtima wake wadzaza chisoni, nde tinene kuti analibe chikhulupiriro?

mayi_wa_pemphero
Ndikugwirizana nanu achimwene koma anzawo aja tisawataye kotheratu, penapake ali ndi mfundo. Zolankhula zathu zimatifooketsa komanso zimafooketsa ena. Mesa Numeri 13 azondi 12 anapita ku Kanani masiku 40, onse anaona zofanana, mphesa zonyamula anthu awiri pamtengo, mizinda yamalinga, zimphona. 10 aja anabwera nkuti tinali ngati ziwala pamaso pawo, msasa wonse kulira usiku umenewo. Yoswa ndi Kalebe sanakane kuti zimphona ziliko, anangowonjezera kuti Yehova ali nafe musawaope. Ndiye mwana wanga nenani kuti zavuta, palibe tchimo, koma musathere pompo, malizitsani kuti Mulungu wanga alipo. Chomwe ine chimandiwawa nchakuti munthu ali pamavuto tizimusenzetsanso mlandu kuti wadzilodza ndi pakamwa pake, si chikondi chimenecho.

mlonda_usiku
Ine ndingowonjezerapo za manja. Nehemiya 4:9 akuti anapemphera kwa Mulungu NDIPO anaika alonda usana ndi usiku, zonse pamodzi. Ma CV pitirizani kuponya achemwali, eni nyumbawo musawazembe foni, pitani mukakhale nawo pansi muwauze chilungamo mupemphe akupatseni nthawi, olo kaganyu kakang'ono kapezeke musakanyoze.

China chomwe ambiri safuna kumva, Mulungu sanalonjeze kuti ayankha tsiku lomwe ife talemba pa kalendala. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa mung'anjomo, koma olo asatero fano lanulo sitiligwadira, Danieli 3:17-18. Analankhula asakudziwa kuti zitha bwanji. Ndipo zoti chanu nchochepa musadandaule nazo, bambo uja wa pa Marko 9:24 analira kuti ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, mwana wake anachira ndithu.

Tatiuzani, munkagwira ntchito yanji? Lembani pompano mwina wina mwa ife wamvapo pomwe akufuna munthu, ndipo usiku uno tikupemphererani.