Thandizeni abale, WordPress pa laputopu yanga ikundizunguza mutu

Nyadani_92:
Moni nonse. Ndayamba kupanga kawebusaiti kanga kolembapo nkhani, ndiye ndinati ndiyambe kaye pa laputopu ndisanalipire hosting (malo osungira saiti pa intaneti). Ndaika XAMPP (pulogalamu yosandutsa laputopu kukhala seva), foda ya WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) ndayiponya mu C:\xampp\htdocs, database ndinapanga pa phpMyAdmin, zonse zinkayenda bwinobwino kwa sabata ziwiri. Dzulo mavuto awiri andigwera nthawi imodzi. Loyamba Apache, seva ya mu XAMPP yomwe imatsegula masamba, ikukana kudzuka, ndikadina Start imangowala kamphindi kenako yazimanso ndi zolemba zofiira zonena za port 80. Lachiwiri ndi lomwe landipweteka mtima, ndinasintha mitundu ndi zilembo mu style.css ya theme ya Twenty Twenty-One (theme ndi yomwe imapatsa saiti maonekedwe), masiku atatu ndikugona mochedwa, ndiye ndinadina update ndisanazimitse makina, zonse zabwerera mwakale ngati sindinagwirepo. Pali njira yozibwezera kapena ndingolira basi?

MadalaWaCode:
Za Apache musade nazo nkhawa achimwene, palibe chomwe chafa. Pali pulogalamu ina yomwe yakhala kale pa port 80, khomo lomwe Apache imagwiritsa ntchito, pa Windows kawirikawiri imakhala IIS, seva ya Microsoft. Mu control panel ya XAMPP muli batani lolembedwa Netstat, dinani muone amene wakhala pampando wanuyo. Ngati simukufuna kulimbana naye ingosamukani, dinani Config pa mzere wa Apache, tsegulani httpd.conf, pezani pomwe palembedwa Listen 80 musinthe pakhale Listen 8080, komanso ServerName localhost:80 ikhale localhost:8080. Sevani, dinani Start. Kuyambira pamenepo mu browser muzilemba localhost:8080 kenako dzina la foda yanu.

Chikondi_dev:
Pa nkhani ya theme ija pepani aise, ngati munalibe kope penapake ndiye zapita. Update imachotsa foda yonse ya theme ndikuikapo yatsopano, sifunsa kuti munasinthamo chani. Ine zinandichitikirapo pomwe ndinkayamba, ndinakhala duu kuyang'ana sikirini mpaka batire kutha, ndiye ndikumva mmene mukumvera.

Mankhwala ake ndi child theme, theme yaing'ono yodalira yaikuluyo ngati mwana ndi kholo lake, ndipo si chinthu chovuta ngati mmene dzina likumvekera. Lowani mu wp-content/themes mupange foda yatsopano, tinene twentytwentyone-child. Mkatimo pangani style.css yanu, pamwamba mu comment mulembe Theme Name ndi dzina lomwe mukufuna, mzere wotsatira Template: twentytwentyone. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya, pa Template pamafuna dzina la FODA ya theme yaikuluyo ndendende, zilembo zazing'ono popanda mipata, osati dzina lokongola lomwe limaoneka mu dashboard. Mukalakwitsa chilembo chimodzi WordPress ikuuzani kuti theme yanu ndi yothyoka. Kenako pangani functions.php yoti iitane style.css yanuyo kudzera pa wp_enqueue_style, mupite ku Appearance muyatse child theme yo. Tsopano kholo lija lizipanga update mmene lingafunire, zanu zili mu foda ina sizikhudzidwa.

Koma ngati zomwe mukusintha ndi mitundu ndi kukula kwa zilembo basi, musadzivutitse, mu Customize muli malo a Additional CSS, zomwe mwalemba mmenemo zimasungidwa mu database osati mu foda ya theme.

Nyadani_92:
Madala zatheka, Apache yabiriwira! Koma pabuka zina, ndikalemba localhost:8080/blog tsamba likubwera lopanda maonekedwe, zilembo zokhazokha zoderera mmunsi, ndipo ndikafuna kulowa ku wp-admin ikundithamangitsira ku localhost yopanda 8080 komwe kulibe kanthu. Ndaphwanya chaninso?

MadalaWaCode:
Kulakwa kwanga, ndinaiwala kukuuzani. WordPress imasunga adiresi yake mu database, ndiye ikadali kuganiza kuti ikukhala kunyumba yakale. Tsegulani localhost:8080/phpmyadmin, sankhani database yanu, lowani mu table ya wp_options, kumayambiriro komweko muona siteurl ndi home, zonse ziwiri muonjezere :8080 pambuyo pa localhost. Kenako mukalowa mu dashboard pitani ku Settings, Permalinks, mungodina Save osasintha kanthu, zimathandiza ngati mapositi akubweretsa 404, uthenga woti tsamba silikupezeka. Zithunzi zomwe munaika kale mkati mwa mapositi mwina zisowabe chifukwa adiresi yakale inalembedwa mmenemo, zimenezo zimafuna search and replace. Musungenso phunziroli chifukwa tsiku losamutsira saiti ku hosting yeniyeni mudzakumana nazo zomwezi.

Kabaza_Linux:
Ine ndimadabwa chifukwa chani munthu wongofuna kulemba nkhani azisenza Apache, PHP ndi database yonse. Yesani Hugo, pulogalamu ina yopangira mawebusaiti, mumalemba mu Markdown (mawu wamba okhala ndi tizizindikiro tochepa), mukalemba hugo server mu terminal tsamba latseguka pa localhost:1313 ndipo mukangoseva fayilo limasintha lokha pomwepo. Palibe database yoti ikusowetseni mtendere.

Chikondi_dev:
Akulu musamusokoneze munthu wangotsala pang'ono kuwoloka kkkk. Hugo ndi yabwino sindikukana, koma ilibe dashboard, ndipo ma template ake a chilankhulo cha pakompyuta cha Go kwa woyamba kumene ndi phiri linanso. Chomwe ndingatengeko kwa anthu a terminal ndi Git basi, chida chosunga mbiri ya zomwe mwasintha. Nyadani mukapanga foda ya child theme ija lembani git init mmenemo, muzipanga commit mukasintha chinthu chooneka, database nayo muzipanga Export pa phpMyAdmin musanadine update iliyonse.

Nyadani_92:
Siteurl ndi home ndakonza, tsamba labwerera ndi maonekedwe ake. Child theme inayamba yakana, kupita kukaona ndinalemba Twenty Twenty-One ndi mipata pa Template paja, zomwe munanena zija ndendende. Pano yayaka. Mitundu ndiyambiranso usiku uno, mwayi ndinajambula sikirini pa foni Lachiwiri ndiye ma code a mitundu ena akuoneka. Za Git ndibweranso ndi mafunso, sindinayigwirepo.