Resign, retrench, renew: mawu oyamba ndi "re" pa makalata a ku Joni

Dalitso, Ndirande:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni msanga. Achemwali anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, atha zaka 4 pa bwana mmodzi. Madamu awo akusamukira kunja, ndiye awapatsa kalata yoti asayine. Pachithunzi chomwe anditumizira pali mawu akuti "I hereby resign". Iwo akuganiza kuti ndi kusayinanso kontirakiti, poti sign ndi kusayina ndipo re ndi kubwereza. Ndiwauze chiyani?

Mayi a Chisomo, kwathu ku Chilomoni, pano Pretoria:
Aimbireni pompano, asagwire cholembera! Kusayinanso kumalembedwa re-sign, ndi kamzere pakati. Resign wopanda kamzere ndi kusiya ntchito mwa kufuna kwako. Ngakhale katchulidwe kamasiyana, wosiya ntchitoyo amamveka z pakati. Nanga madamu akusamuka, kontirakiti yatsopano asayinirana ndi ndani?

Che Jafali, Bangwe, pano Cape Town:
Mayi a Chisomo anena zoona. Mawu oyenera kukhala pa kalatayo ndi retrench kapena retrenchment, kutanthauza kuti ntchito yatha chifukwa cha zochitika kwa bwana, wantchito sanalakwe kanthu. Kusiyana kwake kuli m'thumba. Munthu akachotsedwa mwa retrenchment, lamulo la kuno ku South Africa limati apatsidwe severance pay, malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chomwe wagwira. Achemwali anuwo ndi masabata 4. Palinso notice: wantchito wa m'nyumba amene wapitirira miyezi 6 amayenera kuuzidwiratu kutatsala masabata 4, apo ayi amulipire masabatawo. Akasayina resign, severance yapita, chifukwa papepala zioneka kuti anachoka okha.

Ndiye pali UIF, thumba la boma lothandiza anthu amene ntchito yawathera. Wantchito amadulidwa 1% ya malipiro, bwana n'kuwonjezera 1%, ndipo antchito a m'nyumba analowamo kuyambira 2003. Ntchito ikatha bwana amalemba fomu ya UI-19, pomwe pali malo onena chifukwa chake. Pakalembedwa resigned, ndalama ya ulova sapereka. Izi zikukhudza amene mapepala awo ali bwino komanso bwana anawalembetsa.

Dalitso:
Ndawapeza, sanasayine. Akuti madamu ndi munthu wabwino, akuopa kuoneka ngati akuyambitsa mlandu.

Mayi a Chisomo:
Ubwino wawo sitikukana, mwinanso kalatayo anangoikopera pa intaneti osaganiza. Achemwali anene mwaulemu kuti akufuna kalata ya retrenchment, UI-19 ndi reference. Masiku a tchuthi omwe sanapume awerengedwenso, amalipidwa ntchito ikatha, kaya wachoka wekha kaya wachotsedwa.

Amalume Banda, Zingwangwa, pano Durban:
Mundilole ndiyikepo mawu, uphunzitsi suchoka m'magazi ngakhale munthu akutchetcha kapinga. Kusukulu tinkauza ana kuti re ndi kubwereza, ndipo nthawi zina zimatheka. Renew ndi kuwonjezera nthawi ya chinthu chomwe chikutha, monga chiphaso. Repay ndi kubweza ngongole. Refund ndi kubwezeredwa ndalama yomwe unalipira. Koma lamulo limenelo limathera panjira. Refuse ndi kukana. Reject nakonso ndi kukana, mawu omwe mumawaona pempho lanu likakanidwa ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za ziphaso. Retire ndi kupuma pantchito chifukwa cha ukalamba. Release ndi kumasula, sikuti ndi kupanganso lease ya nyumba ayi. Olo refuse yemweyo, mukamuona pa bilu ya khonsolo amatanthauza zinyalala, ndiye musadabwe kuti mwakana chiyani.

Anaphiri, Machinjiri, pano Joni:
Aphunzitsi mwaiwala awiri amene amazunguza ife a kukhitchini, receipt ndi recipe. Woyambayo ndi lisiti, ndipo p wake satchulidwa. Winayo ndi ndondomeko ya kaphikidwe. Mtsikana wina watsopano atauzidwa kuti abweretse recipe ya keke, anakatenga malisiti onse a golosale m'kabati, nyumba yonse kuseka.

Koma za lisiti si zoseka. Lendi mukapereka pamanja, alandilodi akulembereni. Deposit ya chipinda imabwezedwa potuluka ngati simunawononge kanthu, ndipo popanda kapepala amangoti sakukumbukira.

Yamikani, Mbayani:
Ine ndikwera basi pa Wenela mwezi wamawa. Masiku 30 omwe amadinda pa boda ya Beitbridge polowa ku South Africa aja, ndi amene anthu amati amachita renew?

Che Jafali:
Achimwene, samalani pamenepo. Masiku 30 amenewo ndi a mlendo wodzacheza, sakulolani kugwira ntchito. Ena amatuluka n'kulowanso, kumeneko ndiye re-enter, koma wa pa boda ali ndi mphamvu yokupatsani masiku ochepa kapena kukubwezani. Anthu amene amati bweretsani pasipoti tikakudindireni inu muli phee ku Joni, apeweni. Chidindo chabodza chikagwidwa mlandu ndi wanu. Mukapyola masiku, potuluka amakulembani undesirable: osapitirira masiku 30 ndi chaka chimodzi osalowanso, kupitirira apo ndi zaka 5.

Amalume Banda:
Onjezanipo repatriate, kubwezedwa kwanu. Mumamva mawu amenewa anthu akatengedwa kupita ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, komanso pa mapepala a inshuwalansi ya maliro, ponena zonyamula thupi kupita kumudzi. Polowa gulu la maliro muziyang'ana ngati repatriation yalembedwamo, ulendo wa galimoto kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pa Mwanza si wa ndalama zochepa.

Anaphiri:
Nanga munthu amene anasayina kale resign mokakamizidwa? Alipo mnzanga wa kutchalitchi.

Che Jafali:
Apite ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, salipiritsa. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito limayenera kufika pasanathe masiku 30, fomu yake ndi 7.11, ndipo amamvera ngakhale mlendo amene mapepala ake sali bwino. Kungoti akhale ndi umboni woti anamuumiriza, monga mauthenga a pa WhatsApp. Asafufute kalikonse mufoni.

Yamikani:
Funso lomaliza akuluakulu. Reference amene Mayi a Chisomo atchula uja ndi yemweyo amafunsa potumiza ndalama pa Mukuru?

Mayi a Chisomo:
Mawu ndi amodzi, ntchito ziwiri. Kwa bwana ndi kalata yokuchitira umboni kuti unagwira bwino, yomwe umakaonetsa pofuna ntchito ina, ndipo ikhale ndi nambala ya foni yoti bwana watsopano aimbe. Potumiza ndalama ndi nambala ya oda yanu. Imeneyo muziuza recipient yekha, kutanthauza wolandirayo, ndipo dzina lake lilembedwe ndendende monga lilili pa chitupa chake cha unzika, apo ayi akabwerera chimanjamanja ku Limbe.