Pa 21 Marichi pagwa masiku anayi, asembule ndi imodzi: tithandizane

Nabanda, Santhe: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga? Ndithandizeniko nzeru. Ahedi anditula ntchito yokonza mwambo wa pa 21 Marichi poti ndine woyang'anira kalabu ya zachilengedwe. Pepala lomwe andipatsa likuti limeneli ndi tsiku la nkhalango, la ndakatulo, la anthu a Down syndrome (vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira), komanso lothana ndi tsankho losankhana mitundu. Zonsezi akuti zilowe m'mphindi 40 za asembule, chonsecho mayeso otsekera teremu ali pakhomo. Ku nazale kwatsala mbande za keshya ndi mthethe, ndipo akufuna tidzawoke tsikulo amfumu akuonerera. Ndiyambire pati?

A Mwale, Chulu: Madamu, ndiyambe ndi mbandezo chifukwa zikundipweteka mtima. Musawoke. Tsiku la nkhalango analikhazikitsa ndi a United Nations mu 2012, ndipo deti limeneli kwa anzathu a ku Ulaya ndi pomwe chisanu chikutha, mitengo ikuyamba kuphuka. Kuno ku Kasungu ndi pomwe mvula ikutsanzika. Mbande yowokedwa kumapeto kwa Marichi mizu isanagwire nthaka yauma kale, chiswe n'kudzamalizitsa mu Juni. Ana amaona zimenezi, ndipo chimene amatolapo n'chakuti kubzala mtengo ndi mwambo wojambulitsa basi.

A Zimba, Nkhamenya: Komatu a Mwale, nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Ahediwo akayankha kuti nthawi ikadalipo, Madamuwa adzati chiyani?

A Mwale, Chulu: Nyengoyo ndi ya dziko lonse, achimwene. Ku Nkhata Bay ndi ku Karonga mvula imagwabe mu Epulo. Mvula ya kwathu kuno tonse tikuidziwa. Madamu atengane ndi ahedi kuseri kwa sukulu, akumbe ndi khasu pang'ono aone pomwe chinyezi chalekezera. Ntchito ya mitengo mu Marichi ilipo yambiri, koma ndi yosamalira. Ana awerenge mitengo yomwe anawoka mu Disembala ndi Januwale, ingati yagwira, ingati yafa. Apalire, akonze beseni mozungulira uliwonse, aphimbire ndi udzu koma usakhudze tsinde poopa chiswe. Ayike zotchingira mbuzi, chifukwa anthu akangokolola ziweto amazilekerera. Ngati pali zitsa za msuku kapena mombo zomwe zikuphukira, asiyepo mphukira ziwiri zamphamvu, zinazo adule. Chitsa chili kale ndi mizu yakuya, chilimwe sichichiopa ayi. Amfumu aitanidwe ndithu, koma mawu awo akhale a moto wa osaka mbewa ndi a mitengo yomwe ikuthera ku zigafa za fodya.

Nabanda, Santhe: Nanga mbande zotsalazi ndizitaye?

A Zimba, Nkhamenya: Ayi. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi muwoke kumunsi kwa mjigo komwe madzi amatayikira, amfumu agwire khasu pamenepo, ahedi mtima ukhale pansi. Zinazo gawirani ana amene kwawo kuli dimba kapena chitsime. Mukazisunga m'machubu mpaka Disembala mizu ipindana. Mawa lake pa 22 ndi tsiku la madzi, ndiye za pa mjigozo mwaphera mbalame ziwiri ndi mwala umodzi.

Nabanda, Santhe: Zikomo. Tsono vuto lina ndi ili. Tili ndi mtsikana wa Down syndrome m'kalasi ina ya ana aang'ono. Pali maganizo oti adzaime kutsogolo pa asembule anzake amuombere m'manja.

Nagama, mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, Kasungu boma: Chonde Madamu, zimenezo musalole. Cholinga ndi chabwino, ndikumvetsa, koma taganizani ana mazanamazana akumuyang'ana mwana mmodzi, wina akulongosola za nkhope yake. Pobwerera kunyumba adzakhala atapatsidwa dzina latsopano, ndipo mwina Lolemba mayi ake sadzamutumizanso. Ambiri mwa ana amenewa amabwera kusukulu mayi atalimbana ndi mudzi wonse.

Nkhani iyi oyenera kuimva ndi akuluakulu. Itanani a mother group (gulu la amayi othandiza ana pa sukulu), a komiti ya sukulu ndi aphunzitsi nonse masana ana ataweruka. Auzeni chifukwa chake tsikuli lili pa 21 mwezi wachitatu: munthu amabadwa ndi makromozomu (tinthu ta m'thupi tonyamula zomwe timatengera kwa makolo) 46 oyenda awiriawiri, koma mwana wa Down syndrome amakhala ndi atatu pa nambala 21, onse pamodzi 47. Zimachitika mimba ikungoyamba kumene, m'mitundu yonse ya anthu. Palibe anamulodza, bambo ake sanakhwimire chuma, mayi ake sanadye cholakwika, ndipo sizipatsirana. Mawu amenewa muwanene mosapita m'mbali chifukwa ndi omwe amanong'onedwa pa mjigo. Muwauzenso kuti ambiri mwa ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, ena samva kapena kuona bwino, ndiye kuchipatala n'kofunika ngakhale mwana akuoneka wosangalala.

Kwa mphunzitsi wake: mwanayo akhale kutsogolo, mumuuze chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mumuonetse ndi manja kapena chithunzi, mumudikire ayankhe. Amaphunzira, kungoti pa liwiro lake. Ndipo musanaitanitse msonkhanowo, pitani kaye kwa mayi ake mukamve maganizo awo.

Nabanda, Santhe: Ndiye pa tsikulo iyeyo asachite kanthu?

Nagama: Achite zomwe anzake akuchita. Ngati kalasi yake ikuthirira mitengo, naye mupatseni kachigubu kake.

A Chirwa, Mtunthama: Ine wa Chichewa ndikuona kuti ndakatulo zisakuvuteni. A UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika tsiku la ndakatulo mu 1999, ndipo china chomwe ankafuna n'chakuti ziyankhulo za anthu eniake zimveke. Asembule yonseyo iperekeni kwa alakatuli. Sabata ino pa phunziro la Chichewa, Sitandade 5 mpaka 7 alembe, ena za mitengo, ena za kusasalana. Musankhe zinayi zokha, ndipo mwana alakatule yomwe walemba yekha, osati yolembedwa ndi mphunzitsi. A Sitandade 8 asiyeni, ali kalikiliki ndi mayeso.

Za tsankho zikufunika kalasi, ana atakhala pansi. Pa 21 Marichi 1960 apolisi a ku South Africa anaombera anthu ku Sharpeville amene ankakana malamulo okakamiza anthu akuda kuyenda ndi ziphaso, ndipo anthu 69 anafa. Ana athu angokumbukira kumene za pa 3 Marichi 1959, pomwe anthu anaphedwa pa doko la Nkhata Bay. Mphunzitsi wa Social Studies ayambire pamenepo, kenako awoloke nawo Limpopo. Ambiri ali ndi bambo kapena malume ku Joni, mafunso sadzasowa.

A Zimba, Nkhamenya: A Chirwa, mphindi 40 zikwana ndakatulo zinayi, amfumu ndi ahedi?

A Chirwa, Mtunthama: Zikwana, ndakatulo iliyonse isapitirire mphindi zitatu. Amfumu auzidwiretu kuti ali ndi mphindi khumi.

Nabanda, Santhe: Ndalankhula nawo ahedi masana ano, tinapita ndi khasu monga munanenera a Mwale. Avomera zowoka pa mjigo pokha, ndipo zoimika mwana kutsogolo zachoka. Kwa mayi ake ndipita Lachinayi ndi wapampando wa mother group. Mayi Nagama, mungabwere kudzayankhula nokha pa msonkhanowo? Ya kabaza a komiti akuti apereka.

Nagama: Ndibwera, bola mayi ake avomere kaye. Mundiuze Lachinayi madzulo kuti ndipemphe chilolezo kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lathu.